Chipsera cha pa Pulaimasi

Bambo anga atamwalira m'chaka cha 2019, katundu wawo sadavute kugawa chifukwa adali wochepa. Njinga idapita kwa mphwawo, wailesi idatsala ndi mayi, makasu ndi nkhwangwa adatenga achimwene anga aakulu poti ndiwo amalima. Ine amene ndimagwira ntchito m'boma ku Lilongwe, abale adaona kuti sindikusowa kanthu, ndipo sadalakwe. Koma m'mawa wa tsiku lochoka kwathu ku Dedza, mayi adandiitanira kuchipinda nakoka kathumba pansi pa bedi. "Tenga ichi," adatero. "Kuno chingomandipweteketsa mtima." M'kathumbamo mudali pulaimasi ya bambo, yakuda bii, mwendo umodzi utachoka, ndipo pambali pa thanki yake padali polowa m'kati monga mmene chala chimasiyira pa mbamu ya nsima. Ndidaizindikira nthawi yomweyo, ndipo ndidadziwanso chifukwa chake mayi sadaitulutse pagulu.

Pulaimasiyo idakhala pamwamba pa wadirobu zaka zoposa ziwiri. Chidandikumbutsa za iyo ndi mdima. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo kwa miyezi yambiri magetsi ankazima maola ochuluka. Tsiku lina m'mawa, ndikukupiza mbaula ndi chivindikiro cha poto uku nthawi ya ntchito ikutha, ndidati mumtima: bambo ankawiritsa tiyi wa banja lonse munthu asadamalize kusamba. Madzulo ake ndidaitsitsa. Mayi a kunyumba adaiyang'ana, nandiyang'ananso ine. "Abambo, ndalama ndi nthawi imene mutaye pa chinthu chimenechi, si bwenzi titagula matumba a makala? Nanga palafiniyo mukam'peza kuti masiku ano?"

Funso lawolo lidali lolunjika, ndipo kunena zoona mpaka lero ndilibe yankho lake la masamu. Koma lidabala mafunso ena atatu amene ndikufuna tiunikire limodzi, inu owerenga. Loyamba, kodi chinthu chikaonongeka tili ndi udindo wochikonza, kapena kukonza n'kungokakamira zakale? Lachiwiri, chinthu chimene tachisintha ziwalo, kodi chikadali chomwe chija? Lachitatu, limene lidandisowetsa tulo, kodi pokonza tiyenera kufafaniza chipsera kapena kuchisiya?

Kwa achinyamata amene sadaionepo, pulaimasi ndi chitofu cha palafini chopanda chingwe. Dzina lake lenileni ndi Primus. Idapangidwa koyamba m'chaka cha 1892 mumzinda wa Stockholm ku Sweden ndi mmisiri wotchedwa Frans Wilhelm Lindqvist mothandizana ndi Johan Viktor Svenson. Zitofu za palafini za nthawi imeneyo zinkayaka ndi chingwe ngati koloboyi, n'kumadetsa miphika ndi mwaye. Nzeru ya Lindqvist idali yoti palafini asayake ali madzi koma asanduke kaye nthunzi. Chitofucho chidatchuka chifukwa sichinkaopa mphepo kapena kuzizira. Roald Amundsen adachinyamula pa ulendo wake wokafika kunsonga ya kummwera kwa dziko lapansi mu 1911, ndipo mu 1953 gulu la Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay lidaphikira zitofu za dzina lomweli pokwera phiri la Everest.

Ya bambo anga sidakwere phiri lotchuka. Adaigula yogwirapo kale ntchito ku Joni, kumene adapita kudzera ku Wenela mu 1971. Adabwerako ndi sutikesi, bulangeti, njinga ndi pulaimasiyi. Ankafuna kubwererako, koma mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma lidaimitsa ulendo wa kumigodi. Bambo adapeza ntchito yonyamula zida za akatswiri oyeza malo ndi misewu. Ankagona m'matenti kutchire masabata angapo, pulaimasi ili m'chikwama. Akabwera kunyumba inkakhala ya tonse: ya tiyi wa m'mawa, ya phala la wodwala pakati pa usiku, ya masiku a mvula ya mvumbi pamene nkhuni zinkakana kuyaka.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Pansi pali thanki ya mkuwa mmene mumakhala palafini, ndipo pambali pake pali pampu. Ukapopa, mpweya umapanikiza palafini kuti akwere m'kapaipi kupita kumutu. Pansi pa mutuwo pali kambale kothiramo sipiriti, yemwe uja amapaka ometa tsitsi. Umayamba wayatsa sipiritiyo kuti mutu utenthe. Palafini akafika m'mutu wotenthawo amasanduka nthunzi, nthunziyo imatulukira pa kabowo kosakwana theka la milimita, imasakanikirana ndi mpweya n'kuyaka lawi labuluu, lopanda utsi, lolira ngati ndege ili patali. Pozimitsa umangomasula kasikuluu ka pa chitsekero kuti mpweya utuluke. Kabowo kakatsekeka umakatokosa ndi kawaya kake. Basi.

Chimene chidandigwira mtima nditaiyang'anitsitsa n'choti pafupifupi chiwalo chilichonse chimamasuka. Mutu umamasuka, pampu imasololoka, ngakhale kabowo kaja kali pa kachitsulo kake kamene ungachotse n'kuikapo kena. Amene adaipanga adadziwa kuti idzaonongeka, ndipo adakhulupirira kuti mwini wake, kaya ali ku Sweden kaya ali ku Dedza, ali ndi nzeru zoikonzera. Umenewu ndi ulemu. Yerekezani ndi tochi kapena ketulo ya magetsi ya masiku ano, yomatidwa ndi guluu kuti poitsegula uiswe. Wopanga zoterezi akukuuza mosabisa kuti ntchito yako n'kugula, kutaya, n'kugulanso.

Ndidayamba ndi kudzikhulupirira kwa munthu wa muofesi. Ndidathira palafini wa m'kabotolo amene mnansi adandigawira, n'kupopa. Pampu inkangolowa n'kutuluka ngati mulibe kanthu. Ndidatenga pulayala kuti ndimasule mutu, ndipo ndidangokanda mkuwa. Loweruka ndidapita nayo kumsika waukulu wa Lilongwe. Anyamata okonza mafoni adaseka. Wina adaiika padzanja poyesa kulemera kwake nati andigule pa kilo, popeza mkuwa uli ndi msika kwa ogula zitsulo zakutha. Koma mayi wina wogulitsa miphika adandilozera kwa mkulu wina wokhoma zidebe ndi mbaula, wa imvi mutu wonse, amene adakhala pa chitini kuseri kwa mabenchi. Adailandira ndi manja awiri, naigwedeza pafupi ndi khutu, nainunkhiza. "Mwana wanga," adatero, "papita zaka ndisadagwire imeneyi. Musiyireni nthawi mkuluyu, ali ndi moyo."

Ndidapita kwa mkuluyo Loweruka katatu, ndipo ndidapempha kuti ndiziona zonse. Adayamba ndi kutsuka m'thanki mmene palafini wakale adasanduka phala lakuda. Atasolola pampu, chikopa cha kunsonga kwake chidali chitauma n'kukhwinyata ngati chikamba cha nsima. Adadula china ku lilime la nsapato yakutha, nachiviika m'mafuta, nachikanikiza m'kapaipi kuti chigone usiku chitenge maonekedwe a kakapu. Pansi penipeni pa pampu pali kavalavu kamene kamalola mpweya kulowa m'thanki koma kamaletsa palafini kubwerera. Adakatulutsa ndi kiyi wautali amene adasula yekha kalekale, ndipo kamphira kake kadali kataumiratu ngati njere ya chimanga. Mutu adauotcha mpaka kufiira kuti mwaye wa m'kati uyoyoke, koma udapezeka wong'aluka. Adafufuza m'chitini chake cha zakale napeza wina wa pulaimasi yopangidwa ku India, ndipo udalowa bwinobwino. Mwendo adapinda watsopano naumata ndi mtovu.

Taonani chimene chidapha chitofu chimenechi. Mkuwa wonse uja udali bwino. Chidaimitsa ntchito ndi kachikopa ndi kamphira, tinthu timene pamodzi sitingadzaze supuni. Nditaona zimenezi ndidakumbukira mijigo imene ndaiona m'midzi poyenda pa ntchito. Mijigo ya mtundu wa Afridev, imene chiyambi chake chidali konkuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, idapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuikonza okha ndi sipanala imodzi. Komabe si zachilendo kupeza mjigo utamera udzu, amayi atabwerera kudambo, chifukwa cha kamphira kamene kadatha ndipo padalibe woti akagule. Zinthu zikuluzikulu kawirikawiri sizifa ndi matenda aakulu. Zimafa ndi tating'ono timene aliyense adaganiza kuti mnzake ndiye atisamala.

Pano ndiyenera kudziloza ndekha chala. Ndagwira ntchito m'boma zaka zoposa 15, ndipo ndalembapo makalata ambiri opempha zinthu zatsopano kuposa opempha kukonza zakale. Ndadutsapo m'mawa uliwonse pafupi ndi galimoto yokhala pa miyala, imene idaima chifukwa cha kachitsulo kamodzi, kenaka ikumachotsedwa ziwalo mpaka kutsala chigoba. Chifukwa chake n'chodziwika. Chatsopano chimabwera ndi riboni, magule ndi atolankhani. Chokonzedwa chimabwerera pa ntchito mwakachetechete, ndipo palibe amene amakwezedwa pa udindo chifukwa choti denga silidadonthe. Tazolowera kulemekeza woyambitsa n'kuiwala wosamalira. Koma dziko losauka limene silikonza zake limagula chinthu chimodzi kawiri, ndipo kawirikawiri ndi ngongole.

Tsono yankho langa pa funso loyamba ndi loti inde, udindo ulipo. Chinthu chilichonse chimene tili nacho chidadya thukuta la wina: wokumba mkuwa, wousula, ndi bambo anga amene adalowa pansi pa nthaka ku Joni kuti apeze ndalama yogulira. Kutaya chinthu chotere chifukwa cha kachikopa n'kunyoza thukuta lonselo.

Komabe ndikadanama ndikadati chilichonse n'choyenera kukonzedwa. Mkulu uja asadayambe ntchito ina iliyonse yokongoletsa, adatseka thanki, naipopa, naimiza mu ndowa ya madzi. Tidakhala chete kuyang'ana ngati patuluke thovu. "Pakatuluka thovu pa mkuwa weniweniwu, ndikubwezerani," adatero. "Thanki yong'aluka sindimata. Mungaimate lero, mawa iphulikira mwana kumaso." Adandichenjezanso kuti ndisadzayerekeze kuthiramo petulo ngakhale palafini atasowa chotani. Thovu silidatuluke, koma mawu akewo adandikhala. Pali kukonza kwina kumene kuli kuuma mtima chabe. Si zonse zakale zimene zidali zabwino. Koloboyi adatiphunzitsa kuwerenga, koma adatenthanso nyumba zambiri, ndipo ana ambiri adamwa palafini wosungidwa m'mabotolo a zakumwa. Amene wasiya koloboyi n'kugula nyali ya dzuwa sadalakwire makolo ake.

Zimenezi n'zoona ngakhale pakati pa anthu. Tonse tikudziwa mabanja amene ankhoswe adawamata kachiwiri ndi kachitatu, mkazi akuuzidwa kuti apirire, mpaka tsiku limene adam'tengera kuchipatala kapena kumanda. Pamenepo thanki idali itang'aluka, ndipo omata aja adangofuna kuti pamaso pa anthu pazioneka bwino. Choncho muyeso si msinkhu wa chinthu kapena chikondi chathu pa icho. Muyeso ndi uwu: kodi chikakonzedwa chidzatumikira popanda kuvulaza? Ngati yankho ndi ayi, kuchisiya ndiye nzeru, ndipo nthawi zina ndiye chifundo.

Funso lachiwiri lidabwera ndi mwana wanga wamwamuna. Ataona mutu wa ku India, chikopa cha nsapato ndi mwendo wa ku Lilongwe, adafunsa: "Ndiye ikadali ya agogo?" Funsoli ndi lakale kwambiri. Plutarch, mlembi wa Chigiriki, adasimba za ngalawa ya Theseus imene anthu a ku Athens adaisunga zaka zambirimbiri, akumachotsa thabwa lililonse lowola n'kuikapo latsopano, mpaka anthu anzeru adayamba kutsutsana ngati idali ngalawa yomwe ija kapena ina. Koma ife sitifunika kupita ku Athens. Nyumba ya agogo anga aakazi inkafoleredwa udzu watsopano, phaso likadyedwa ndi chiswe linkasinthidwa, khoma linkatsutsutidwa chaka ndi chaka, koma palibe ndi mmodzi yemwe adaitchulapo nyumba ina. Mfumu ikamwalira wina amalowa dzina, ndipo mudzi umapitiriza kumuitana ndi dzina lomwelo ngakhale nkhope yasintha.

Makolo athu adaona kuti chinthu chimakhala chomwecho chifukwa cha ntchito yake ndi anthu amene chikuwalumikiza, osati chifukwa cha thabwa kapena udzu. Ndipo adaonanso china: chimene sichisinthidwa kanthu ndicho chimayamba kutha. Nyumba yosafoleredwa imagwa. Pulaimasi ya bambo pamene idali ndi ziwalo zake zonse za ku Sweden, ili m'thumba pansi pa bedi, idali mtembo. Tsopano ili ndi mutu wachilendo koma ikuwiritsa madzi. Ndidauza mwana wanga kuti ndi ya agogo ake lero kuposa mmene idalili dzulo.

Tsopano ndifike pa chipsera chija. Ntchito yonse itatha, mkulu uja adasisita ndi chala polowa m'kati paja nati: "Apa padagwa chinthu cholemera, kapena iyo ndiyo idagwera pa chinthu. Tiwongole?" Ndidati ndikaganize, ndipo ndidaganiza sabata yathunthu.

Mu 1996 ndidasankhidwa kupita kusekondale. Maphunziro a pulaimale adali atakhala aulere kuyambira 1994, koma kusekondale kunkafunika fizi. Achimwene adali Fomu 2. Bambo ntchito idali itatha, ndipo ndalama imene idalipo inkakwana mwana mmodzi. Adayala mapepala a mayeso athu pamphasa, nayang'ana manambala, nasankha ine. Madzulo a tsiku limenelo achimwene sadanene mawu ambiri. Adatola pulaimasi imene idali pakhonde, chinthu chimene bambo ankachikonda kuposa zonse, naiponya pa mtondo. Bambo sadakalipe. Adaitola, natolanso mwendo wake, naika m'thumba, ndipo sadaiyatsenso mpaka imfa yawo. Achimwene adatsala pamudzi n'kumalima mbatata ndi nyemba. Ine ndidapitirira mpaka kukoleji. Kuyambira pamenepo tinkapatsana moni waulemu pa maliro ndi pa maukwati. Chaka chilichonse ndinkatumiza ndalama ya feteleza, ndipo zikomo wake ankabwera kudzera kwa mayi.

Mtima wina unkandiuza kuti ndiwongole. Ndinkafuna pulaimasi ya ubwana wanga, yonyezimira, ya masiku amene tonse tinkakhala mozungulira lawi limodzi. Koma ndidaona kuti kumeneko si kukonza ayi, n'kunama. Kukonza n'kubwezera chinthu pa ntchito yake. Kufafaniza chipsera n'kuuza ana anga kuti tsiku lija silidachitike. Timachita zotere kawirikawiri: pa maliro timasimba mbiri yosalala, m'malipoti a kuntchito timalemba zopambana zokhazokha, m'mabanja muli nkhani zimene aliyense amazidziwa koma palibe amazitchula. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma mtima wina udandifunsa funso lovuta kuposa pamenepo: nanga ukachisiya, ukuchisiyiranji? Pali anthu amene amasunga chipsera ngati umboni wa mlandu, kuti tsiku lina adzachionetse pabwalo. Amati akhululuka, koma kalata ija adaisunga, mawu aja amawakumbukira ndi tsiku lake lomwe. Kodi sindinkafuna kuika pulaimasiyo pa shelefu kuti mlendo aliyense akafunsa ndizinena kuti awa ndi manja a achimwene? Ngati ndi choncho, kuwongola kukadakhala bwino, chifukwa chilungamo chimene cholinga chake n'kuchititsa mnzako manyazi sichisiyana kwenikweni ndi kubwezera.

Usiku wina ndili nayo m'manja ndidazindikira kuti zaka 26 zonsezo ndinkawerenga chipseracho molakwika. Ndinkachiona ngati chizindikiro cha ukali wa achimwene. Koma ine ndimagwira ntchito ya mapepala, ndipo ndimadziwa lisiti ndikaliona. Chipsera chija ndi lisiti la fizi yanga. Chikunena kuti sukulu imene ndidaphunzira idalipiridwa kawiri: bambo adalipira ndi ndalama, achimwene adalipira ndi tsogolo lawo. Bambo adadziwa zimenezi, n'chifukwa chake sadakalipe ndipo sadaiyatsenso. Amene chipseracho chinkamuimba mlandu si woponya uja ayi, koma ine amene ndidalandira osabwerera kukathokoza.

Nditabwerera kwa mkulu uja ndidamuuza kuti achisiye. Adavomereza ndi mutu. "Mwachita bwino. Kuti ndiwongole ndiyenera kumatula pansi pa thanki, ndipo mkuwa wakale ukaupinda kawiri umang'aluka. Apa sipakudontha. Pasiyeni." Adangoipukuta ndi phulusa ndi mandimu mpaka mawu akuti Made in Sweden adaonekanso.

Tsiku loyamba kuiyatsa ndekha ndidachita manyazi. Sipiriti asadathe m'kambale ndidayamba kupopa mwamphamvu. Palafini adatuluka ali madzi, lawi lachikasu lidalumpha kufika m'chiuno, utsi uli tolotolo, ana n'kuthawira panja. Ndidamasula kasikuluu moto n'kuzima. Nditam'fotokozera mkulu uja adaseka mpaka kutsokomola. "Mwafulumira, bwana. Mutu usadatenthe, chilichonse chimene mungatumizeko chisanduka mwaye. Dikirani sipiriti atsale pang'ono kuzima, ndiye mupope pang'onopang'ono." Pobwerera mu minibasi ndidaganiza za ndalama za feteleza zija. Zaka zonsezo ndinkapopa pa mutu wozizira, n'kumadabwa kuti bwanji kukungotuluka utsi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndisakokomeze fanizoli. Munthu si chitofu. Pulaimasi ilibe mtima, singakane kukonzedwa, ndipo ukachita zonse moyenera iyenera kuyaka basi. Munthu ukhoza kum'pitira ndi mawu onse oyenera iye n'kukutsekera chitseko, ndipo ali ndi ufulu wotero. Komanso wokonza chitofu amaima kunja kwa vutolo, pamene wokonza chibale amakhala iye mwini chimodzi mwa ziwalo zoonongekazo. Ndidapita ku Dedza ndikudziwa zimenezi, ndili ndi mantha.

Mudali mu Julaye, kukuzizira monga kumachitira kwathu. Palafini ndidam'peza nditafunsa malo omwetsera mafuta angapo. Nditapereka moni kwa alamu ndi ana, ndidatulutsa pulaimasi pakhonde la achimwene popanda kunena kanthu. Adaiyang'ana nthawi yaitali. Manja anga ankanjenjemera moti machesi awiri adazima. "Bweretsa kuno," adatero. "Iwe sudadziwepo kuyatsa." Ndidali nditaiwala kuti pa ubwana wathu woyatsira bambo pulaimasi adali iwowo. Adathira sipiriti, natchinga mphepo ndi thupi lawo, nadikira, natokosa kabowo, napopa katatu. Lawi labuluu lidagwira, kulira kuja n'kudzaza khonde lonse. Mayi adatuluka m'nyumba mwawo atamva, naima patali atagwira pakamwa.

Poisuntha kuti aikepo ketulo, chala chawo chidagwera pa chipsera chija, ndipo chidakhala pomwepo. Ndidati: "Achimwene, sukulu ndidaphunzira ija idali yanu. Ndakhala zaka zonsezi osanena. Pepani, ndipo zikomo." Sadandiyang'ane. Adati madzi akuwira, ndithire masamba. Tidamwa tiyi chete. Kapu itatsala pang'ono kutha adati: "Ndinkafuna kudzakhala mphunzitsi." Adanena zokhazo. Ndidalibe choyankha, ndipo ndikuganiza kuti sankafuna yankho. Ankafuna kuti mawuwo amvedwe ndi munthu amene ankayenera kuwamva.

Potsanzika ndidati pulaimasiyo itsale kwa iwo poti ndiwo aakulu. Adakana. "Kuno palafini ndim'tenga kuti? Pita nayo. Ukamabwera uzibwera nayo."

Sindinganene kuti zonse zidatha. Madzi akatayika saoleka. Achimwene sadzakhalanso mphunzitsi, ndipo palibe ndalama kapena mawu anga amene angabweze zaka zimenezo. Masiku ena tikakumana nkhani zimayenda, masiku ena zimakakamira. Chaka chotsatira adalola kuti mwana wawo wamkazi adzakhale kwathu aziphunzira, chinthu chimene adakana kawiri m'mbuyomo, koma sindikuchiwerengera ngati kubweza ngongole, chifukwa ngongole imeneyi ilibe mtengo. Chimene chidasintha n'choti tsopano foni ikalira usiku kuchokera kumudzi, nthawi zina amakhala iwowo, osati uthenga wodzera mwa wina. Akulu adati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona, koma fupa limathyoka, ndipo likapanda kulumikizidwa munthu amatsimphina moyo wake wonse.

Mayi a kunyumba sadalakwe. Nsima ya tsiku ndi tsiku timaphikabe pa mbaula ndi pa magetsi, ndipo pa masamu okhaokha pulaimasi sidabweze nthawi imene ndidataya. Koma mafunso atatu aja ndikutha kuwayankha tsopano mmene ndingathere. Chimene chingatumikirenso popanda kuvulaza, tili ndi udindo wochikonza, chifukwa chidadya thukuta la ena. Chokonzedwa chimakhala chomwe chija malinga ngati chabwerera pa ntchito yake ndi kwa anthu ake. Ndipo chipsera tichisiye, pokhapokha titayamba tadzifunsa moona mtima kuti chikuimba mlandu yani.

Mkulu wokhoma zidebe uja ndidapita kukamuona chaka chatha, ndipo pamalo pake ndidapeza mnyamata wogulitsa matochi. Adati madala adabwerera kumudzi, maso adayamba kuvuta. Kiyi wautali uja sindikudziwa adatsala ndi yani. Ndidaphunzira kudula chikopa cha pampu ndekha, ndipo mwana wanga ndamuonetsa kawiri. Mwina nanunso muli ndi kathumba kanu pansi pa bedi, ka chinthu kapena ka munthu. Katulutseni mukaunike. Mukhoza kupeza kuti thanki ikadali yabwino, changouma ndi kachikopa.